Akuba zida m'mashedi akutumidwa ndi ife ogula

Msuweni wanga amawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba ya lendi ku Lilongwe. Kashedi kake n'ka njerwa zowotcha, kofolera malata, ndipo pachitseko adaikapo loko wamkulu yemwe ankamunyadira kwa aliyense wobwera. Tsiku lina m'nyengo ya mvula adandiimbira cha m'ma 5 koloko m'mamawa, mawu akunjenjemera: "Asuweni, andimaliza."

Nditafika ndidapeza loko uja ali pomwepo, sadamukhudze n'komwe. Anyamatawo adakwera padenga, n'kuzula misomali ya malata awiri, n'kutsikira mkati. Phokoso la mvula lidabisa zonse, magetsi adali atazima, ndipo galu wa aneba adali atabisala m'khitchini. Adatenga makina owotcherera, galayinda, makina oboolera ndi zingwe zonse za magetsi. Adangosiya geti la kasitomala lomwe lidatsala pang'ono kutha, poti n'lolemera. Nanga wowotcherera wopanda makina akadalimaliza ndi chiyani?

Nkhaniyi si yachilendo. Funsani pagulu la WhatsApp la m'dera mwanu, simulephera kupeza wina yemwe adamubera makina osokera, batire la sola, makina ometera kapena mafoni a makasitomala. Timangolemba kuti "pepani aise, Mulungu abwezera", mawa taiwala.

Koma tizikumbukira kuti kashedi ka kuseri kwa nyumba ndi komwe achinyamata ambiri akudyera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka lawo adali osakwana zaka 18. Ana ajawa akula tsopano, ndipo maofesi ndi makampani sangawalembe onse ntchito. N'chifukwa chake pakhonde pali telala, kuseri kuli kalipentala, pawindo pali wokonza mafoni, pansi pa mtengo pali wokonza njinga zamoto za kabaza. Ena adaphunzira kudzera ku TEVETA, ena kwa amalume awo. Mpamba wake ndi ngongole ya ku NEEF, ya kubanki m'khonde, kapena ndalama yomwe achimwene adatumiza kuchokera ku Joni.

Zida zomwe amisiriwa amagwiritsa ntchito pafupifupi zonse n'zochokera kunja: ku China, ku South Africa, zina amalonda amakapikula ku Dar es Salaam. Kwacha idatsika mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, idatsikanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa. Ndiye kuti makina omwe munthu adagula zaka zinayi zapitazo sangawapezenso pa ndalama yomweyo. Akakubera lero, ngongole ya makina akale ukubwezabe, ndalama ya dipoziti ya kasitomala udagulira kale zitsulo, lendi ikudikira, ndipo atsopanowo mtengo wake wathawa. Ambiri amathera kwa akatapila, ena geni imafera pomwepo.

Kukwera mtengo komweku ndi komwe kwakometsa geni ya akuba. Chida chikadula m'sitolo, ofuna chotchipa amachuluka. Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga.

Wakuba makina owotcherera sakawadya. Nthawi zambiri sadziwa n'kuwotcherera komwe. Amawaba chifukwa akudziwa kuti dzuwa lisanalowe apeza wogula. Ndipo wogula makina owotcherera si m'busa, si namwino, si mphunzitsi. Ndi wowotcherera mnzathu. Wogula makina osokera ndi telala. Wolandira foni yokiyidwa kuti aifulashe popanda kufunsa mwini wake ndi wokonza mafoni. Ife amisiri ndi abale a amisiri ndife msika wa mbava zomwe zikutisowetsa tulo.

Ndisanaloze ena chala, ndiyambe ndaulula zanga. Zaka ziwiri chisanachitike cha msuweni wanga, mnyamata wina adandipeza pamalo okwerera minibasi ali ndi makina oboolera m'jumbo. Adali abwinobwino, mtengo wake sudafike ndi theka lomwe la wa m'sitolo. Adati ndi a malume ake omwe apita ku Joni. Padalibe katoni, padalibe lisiti, ndipo maso ake ankangoyang'ana uku ndi uku. Mtima udandiuza zoona, koma thumba lidalankhula mokweza. Ndidagula, n'kukawapereka kwa msuweni yemweyu ngati mphatso, iye n'kundithokoza kwambiri. Tsiku lomwe ndidaima m'shedi mwake ndikuyang'ana kumwamba kudzera pabowo la malata, ndidakumbukira kuti kwinakwake kudali mmisiri wina yemwe adaimapo chimodzimodzi chifukwa cha ine. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Malamulo a dziko lino sasekerera wogula. Gawo 328 la Penal Code limati kulandira kapena kusunga katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba, ndi mlandu womwe munthu angakaseweze nawo kundende. Mawu oti "chifukwa chokhulupirira" ndi ofunika kuwamvetsa. Galayinda yatsopano yogulitsidwa usiku pa mtengo wa thumba la makala, kukhoti sungakangoti "sindimadziwa" n'kumasulidwa.

Ndikudziwa zomwe ena anene: "Inu a nyuzi mumalankhula bwino, koma ife ongoyamba kumene za m'sitolo sitingazikwanitse." N'zoona. Malonda a zida zogwiritsidwapo kale ntchito ndi omwe adzutsa amisiri ambiri ku Ndirande, ku Mchesi, ku Biwi ndi kwina konse, ndipo ambiri ogulitsa ndi anthu achilungamo. Sindikunena kuti tisiye kugula zakale. Ndikunena kuti tizifunsa. Wogulitsa akuonetseni chiphaso chake cha unzika, mujambule. Mulembe kakalata kosonyeza chida, nambala yake, mtengo ndi tsiku, nonse musaine pali mboni. Mulipire kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lioneke. Mwini katundu weniweni sakana zimenezi. Yemwe ayambe kukwiya, kapena kutsitsa mtengo kuti muchite changu, wakuyankhani kale.

Tsopano tibwere kushedi kwenikweniko. Chinthu choyamba chomwe apolisi adamufunsa msuweni wanga ndi nambala ya makina ake. Sadaidziwe. Lisiti lidasowa posamuka. Chithunzi chomwe adali nacho chidali cha iye mwini atavala magalasi owotcherera, makinawo akungooneka mbali imodzi. Apolisi akagwira mbava amapeza katundu wambiri, ndipo amaitana anthu kuti akazindikire wawo. Koma makina ofiira a kampani imodzi ali mbwee m'tauni muno. Ukangoti "ndi angawa, ndikuwadziwa", wina naye anena chimodzimodzi.

Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi ingathetse vutoli lero lomwe, popanda kulipira kalikonse kupatula kabandulo. Jambulani chida chilichonse. Jambulani kachitsulo kapena kapepala komwe pali nambala yake. Jambulani lisiti lisanafufutike. Kenako mudzitumizire pa imelo kapena musunge pa Google Drive, chifukwa foniyo nayo akhoza kuitengera limodzi. Mukatero ikani chizindikiro chanu pachidacho, pamalo awiri: poonekera ndi pobisika. Wowotcherera alembe zilembo za dzina lake kunsi kwa makina ndi ndodo yowotcherera. Kalipentala azokote pachigwiriro. Telala atsegule kunsi kwa makina n'kulemba ndi penti. Chizindikiro choonekera chimatsitsa mtengo wa chida pamsika wa akuba, chifukwa wogula amachita mantha. Chobisika ndi chomwe mudzapambanire mlandu.

Okonza mafoni mukhale ndi kope. Foni iliyonse yolowa mulembe dzina la mwini, nambala yake ndi IMEI, yomwe imaoneka mukaimba *#06#. Kopeli likuthandizani kawiri: akakuberani muli ndi chokaonetsa kupolisi, komanso wobweretsa foni yakuba akaona mukulemba amabwerera yekha.

Za maloko, phunziro la msuweni wanga n'lakuti wakuba salimbana ndi pomwe mwalimbitsa. Amafuna pofewa. Choncho tulukani panja madzulo ano, muzungulire shedi yanu ngati ndinu mwataya kiyi ndipo mukufuna kulowa. Mungalowere pati?

Yambani ndi denga. Malata okhomera misomali amazuka mosavuta. Ikani zitsulo kapena waya wolimba kunsi kwake, ndipo mitengo ya denga muimangirire kukhoma. Onani khoma: ngati njerwa zake adamangira dothi, munthu amangothirapo madzi n'kuyamba kuzisolola imodziimodzi popanda phokoso. Pulasitala wa simenti amachedwetsa ntchito imeneyi. Onani chitseko: loko akhoza kukhala wodula, koma ngati kachitsulo kokolekapo lokoyo kadamangidwa ndi masikuluwu oonekera kunja, sikuludiraiva yokha ikwanira. Gwiritsani ntchito mabawuti obowoleza chitseko, manati ake akhale mkati. Wotchererani kabokosi kachitsulo kophimba loko kuti chodulira chisafikepo. Mahinjesi akakhala kunja, wakuba amangogogoda kamsomali kake, chitseko n'kutsegukira mbali inayo loko ali chikiyire.

Kenako ganizani kuti alowa basi. Apeza chiyani? Zida zing'onozing'ono zodula monga galayinda, makina oboolera, makina ometera ndi mafoni a anthu zisamagone m'shedi. Zizilowa m'nyumba madzulo alionse ngakhale mwatopa chotani. Zolemera zikhale m'bokosi lachitsulo lomangidwa pansi ndi mabawuti, kapena zimangidwe ndi tcheni ku chitsulo chomizidwa mu konkire. Kwa okhala nyumba za lendi, omwe alandilodi sangawalole kugumula kapena kumanga, bokosi lotereli ndiye yankho, chifukwa posamuka mumangomasula n'kunyamula. Palibe shedi yosathyoleka. Cholinga n'chakuti ntchito ya mphindi zisanu imutengere wakubayo ola lathunthu, akugogoda ndi kuchita phokoso. Ambiri akaona choncho amapita kwina.

Kuwala nako n'kofunika, koma kusadalire magetsi a Escom okha, chifukwa mbava nazo zimadziwa nthawi yomwe dera lazimitsidwa. Nyali ya sola yoyaka yokha munthu akadutsa, yoikidwa pamwamba posafikira dzanja, imagwira ntchito. Kaalamu koyendera batire nako kalipo m'masitolo. Ngati ndalama palibe, nzeru za agogo zikadalipo: zitini zoikamo timiyala, zomangirira ku chingwe kunsi kwa denga ndi kuseri kwa chitseko. Makamera omwe achinyamata tikuwakonda masiku ano ndi abwino, koma tidziwe malire ake. Kamera imafuna magetsi ndi bandulo, ndipo siigwira munthu dzanja. Ambiri angotsala ndi kanema wa munthu wovala chipewa akunyamula katundu wawo, n'kumauonetsa anzawo. Gulani kamera mutamaliza denga ndi chitseko.

Pali khomo lina lomwe timalitsegula tokha: foni. Makina atsopano akafika timathamangira pa Status: "Mulungu wayankha." Pa TikTok timajambula shedi yonse, kuyambira pachitseko, pawindo, mpaka pomwe timasunga zida. Loweruka timalemba kuti tanyamuka, tikupita ku ukwati ku Mangochi, tibwera Lolemba. Pa anthu mazana omwe ali ndi nambala yanu chifukwa cha geni, mukuwadziwa bwino angati? Kutsatsa malonda n'kofunika, sindikukana. Koma onetsani geti lomwe mwamaliza, diresi lomwe mwasoka, bedi lomwe mwakhoma. Zida ndi malo ake zisiyeni kumbuyo kwa kamera. Zithunzi za ku ukwati mudzaika mukabwerako.

Anyamata omwe adabera msuweni wanga adadziwa lata loti azule, lomwe lidali pamwamba penipeni pa makina. Munthu wongodutsa pamsewu sangadziwe zimenezo. Wina adalowamo masana n'kuona. Apa tisamale, chifukwa n'kosavuta kuyamba kunamizira mwana wophunzira ntchito kapena waganyu popanda umboni, ndipo ambiri alakwiridwa motero. Chofunika ndi dongosolo. Makasitomala azilandiridwa kutsogolo, osati aliyense azilowa mpaka kuchipinda cha zida. Makiyi asamayendeyende. Wina akasiya ntchito, sinthani loko ngakhale mwasiyana bwino. Ndipo tinene chilungamo: mabwana ena amagwiritsa mwana ntchito miyezi itatu akungomupatsa ya chiwaya, ati akuphunzira. Kuba kulibe chifukwa chovomerezeka, koma mnyamata wolipidwa bwino amakhala mlonda wa shedi, pomwe wodyeredwa masuku pamutu savuta kumunyengerera kuti aulule pomwe pamagona makina.

Aneba nawo ndi loko. Mmisiri yemwe amayamba kugogoda zitsulo 5 koloko m'mawa, kutaya zinyalala m'ngalande ya anzake, ndi kukana kusonkha ya achitetezo a m'dera, asadabwe anthu akamva phokoso usiku n'kungotembenuka pabedi. Kuwotcherera mpando wa aneba mwaulere kamodzi pachaka n'kotchipa kuposa mlonda. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Khalani ndi wenzulo, sungani nambala ya wapampando wa chitetezo cha m'dera ndi ya polisi yapafupi, kuwonjezera pa 997, ndipo gwirizanani pagulu la WhatsApp kuti usiku kukachitika kanthu muziimbirana, osati kulemba uthenga womwe anthu adzauone kutacha.

Pali njira ziwiri zomwe mkwiyo umatiuza, ndipo zonse n'zolakwika. Yoyamba ndi yolumikiza magetsi kuchitseko kapena kuwindo. Magetsi sasankha. Yemwe adzagwire chitsekocho m'mawa akhoza kukhala mwana wanu wotola mpira, ndipo ngakhale atakhala wakuba, mlandu wakupha ukhala wanu. Yachiwiri ndi yomwe tikuionera m'makanema oyenda pa WhatsApp: kugwira woganiziridwa, kumumenya, kumuotcha. Ndimaumvetsa mkwiyo wa munthu yemwe waberedwa katatu, n'kuona woganiziridwa watuluka pa belo. Koma kupatula kuti n'kupha ndipo nthawi zina ophedwawo amakhala osalakwa, taganizani izi: wakufa sanena komwe adagulitsa makina. Wogula uja, yemwe ali ndi shedi yake yodzaza zida za anthu, amapuma bwino tsiku limenelo, mawa n'kupeza mnyamata wina womutuma.

N'chifukwa chake pempho langa kwa apolisi n'lakuti asamathere pa mnyamata wokwera padenga. Atsatire katunduyo mpaka kwa womulandira, ndipo milandu ya olandirawo tiziimva ikuweruzidwa monga timamvera ya othyola nyumba. Dziko lino lili ndi lamulo loyang'anira ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ndi zitsulo zakutha, lotchedwa Second-Hand and Scrap Metal Dealers Act. Msika wa zitsulo ndi mawaya womwe umameza zingwe za mmisiri ndi womwewonso umameza mawaya a Escom ndi zitsulo za mabungwe a madzi, zomwe mabungwewa akhala akudandaula kwa zaka. Makhonsolo omwe amatolera ziphaso m'misika tsiku ndi tsiku sangalephere kufunsa wogulitsa zida zakale kuti aonetse kope la komwe adazitenga.

Koma tisadikire boma pa zomwe tingathe tokha. Amisiri a dera limodzi amadziwana. Amabwerekana zida, amakumana kogula zitsulo ndi matabwa, amaperekezana pamaliro. Chingalephereke n'chiyani kukhala ndi gulu limodzi la WhatsApp pomwe woberedwa aziika chithunzi ndi nambala ya chida chake m'mawa womwewo, ndipo aliyense wofuna kugula chakale aziyamba waonapo? Gulu lomwelo likhoza kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, monga tichitira kubanki m'khonde, kuti woberedwa azibwereka n'kuyambiranso osapita kwa akatapila. Omwe geni yawo yakula afunse makampani a inshuwalansi za chitetezo cha katundu, ndipo awerenge bwino zomwe akusaina, chifukwa nawonso adzafuna malisiti, manambala ndi lipoti la kupolisi.

Msuweni wanga adamaliza geti lija ndi makina obwereka, olipira pa tsiku. Phindu lonse lidathera komweko. Denga adaliika zitsulo, ndipo galayinda yomwe adagula pangongole imagona kunsi kwa bedi.

Mwezi watha adandiimbiranso. Wina adamubweretsera makina owotcherera, abwino kuposa ake aja, pa mtengo woti akadatha kulipira tsiku lomwelo. Kunsi kwake kudali malo opalidwa ndi galayinda, pomwe zikuoneka kuti padali zilembo. Adandifunsa kuti, "Asuweni, nditani? Ana akufuna fizi."

Sindidamuyankhe msanga, chifukwa ndi ine ndemwe ndidamupatsa makina oboolera a m'jumbo aja. Ndidangomuuza kuti amupemphe mnyamatayo chiphaso, ajambule. Akuti atangotchula za chiphaso, mnyamatayo adati akukatenga kunyumba, n'kunyamula makina ake. Mpaka lero sadabwerenso, ndipo msuweni wanga akubwerekabe makina pa tsiku. Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti makina aja sadabwerere kwa mwini wake. Pofika madzulo a tsiku lomwelo ayenera kuti adali atapeza wogula, mwina mmodzi wa inu amene mukuwerenga.